Kukachita masitazi ku Zomba: mukagona kuti, nanga ndalama zikakwana bwanji?

Kalata yokuuzani kuti mwatengedwa kukachita masitazi, digiri yachiwiri, ku University of Malawi imabwera ndi chimwemwe chake, koma sinena komwe mukagone. Ambirife timayamba ndi kuganiza za fizi, za tchuthi kuntchito, za yemwe atsale ndi ana. Ya nyumba timaiika kumapeto. Kenaka sabata yotsegulira yakwana, tili pa depoti ya Zomba ndi chikwama ndi matiresi opinda, tikuimbira mnzathu amene tinasiyana naye zaka zisanu zapitazo: "Achimwene, kulibeko kachipinda kumeneko?"

Zomba ndi mzinda wochepa. Chancellor College inasamukira kuno kuchoka ku Chichiri mu 1973, patangotsala zaka ziwiri kuti likulu la dziko lipite ku Lilongwe mu 1975, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mzindawu umapuma mpweya wa sukuluyi. Dzina linasintha kukhala University of Malawi mu 2021 pamene makoleji ena anaima paokha, koma aliyense, kuyambira wakabaza mpaka landilodi, amangoti Chanco. Ophunzira achuluka kwambiri kuposa mabedi a pa Chirunga, pamene pali sukuluyi, ndiye aliyense amene ali ndi kamalo pafupi anamangapo zipinda. Lendi ya m'madera oyandikira sukulu imayenda ndi kalendala ya sukulu. Ikatsala pang'ono kutsegulira, zipinda zabwino zimakhala zitatha ndipo zotsalazo zakwera.

Musanayambe kuona nyumba, dziwani kaye kuti masitazi ili ndi miyoyo iwiri. Woyamba ndi wa m'kalasi: maphunziro, ntchito za m'magulu, mayeso, laibulale. Pamenepa muyenera kukhala pafupi. Wachiwiri ndi wa kafukufuku, pamene mwina mudzakhala milungu yambiri ku Machinga kapena ku Mzimba mukufunsa anthu mafunso, kenaka n'kukhala pansi kulemba, n'kumakumana ndi supavaiza, mphunzitsi wokuyang'anirani pa kafukufukuyo, kamodzi kapena kawiri pamwezi. Nyumba yoyenera moyo woyamba kawirikawiri siyenera wachiwiri. Ndaona anthu akulipira lendi miyezi inayi pa chipinda chokhoma iwo ali ku fildi, chifukwa choti anagwirizana ndi landilodi ngati kuti zaka ziwiri zonse adzakhala akugona momwemo.

Za mahositelo a pasukulu ndisataye nthawi. Malo ndi ochepa ngakhale kwa a digiri yoyamba, ndiye wa masitazi asawerengerepo. Funsani ku ofesi yoona za ophunzira, kufunsa sikulipiritsa, ndipo mukapatsidwa tengani, poti magetsi, madzi ndi thiransipoti zonse zimakhala zachoka pamutu. Koma fodya ndi uyu ali pamphuno. Pitirizani kusaka kwina mpaka kiyi ili m'manja.

Kumene ambiri amathera ndi ku Chikanda, kuseri kwa sukulu cha ku Likangala. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: mumayenda wapansi. Kalasi ya 8 koloko mumadzuka 7, magetsi akazima mumanyamula laputopu n'kukakhala ku sukulu, masana mutha kubwerera kukaphika. Chilichonse chili pomwepo, tomato, makala, wometa, wokonza foni, wa Airtel Money ndi Mpamba. Zipinda zilipo zamitundumitundu, kuyambira mdadada wa zipinda zogona awiri kapena anayi, aliyense kulipira pamutu pake, mpaka mahositelo a mpanda okhala ndi alonda ndi zipinda za self-contained.

Vuto la ku Chikanda kwa munthu wa masitazi ndi lakuti dera limeneli linakonzedwa poganizira mwana wa zaka 20. Inu mwina muli ndi 34, muli pabanja, mwasiya ofesi. Lachisanu usiku oyandikana nawo akatsegula sipika, simungakawauze kuti mukuwerenga, adzakuyankhani mwaulemu kuti "pepani madala" kenaka n'kuchepetsa kwa mphindi khumi. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi pa zipinda khumi, mkangano wa mayunitsi sutha: wina ali ndi hotipuleti, wina ketulo, wina ayironi, koma kusonkha n'kofanana. Malaputopu amabedwa, makamaka m'zipinda za mazenera opanda zitsulo. Ndipo chipinda chimene mwachiona mu Seputembala, fumbi lili kobo, si chomwecho mu Febuluwale. Mvula ya ku Zomba simasewera, madzi ochokera m'phiri amatsikira kumunsi, ndipo amene analipo nthawi ya Cyclone Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zimene mitsinje ya kuno imachita. Poona chipinda yang'anani khoma cha m'munsi ngati lili ndi mzere wa chinyontho, yang'anani denga, ndipo pitani kuchimbudzi musanafunse mtengo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatiphunzitsa kuti chimbudzi chimodzi cha anthu makumi awiri ndi nkhani ya moyo.

Sindikunyoza Chikanda. Ngati muli nokha, thumba ndi lopyapyala, ndipo mutha kupeza chipinda cha nokha mumpanda wokhala ndi mita yakeyake kapena ya anthu ochepa, palibe dera lina limene lingakuposereni pa chaka cha m'kalasi. Chimene ndimaletsa ndi kugona anayi. Ndalama imene mwapulumutsayo mudzailipira ndi tulo, ndipo wa masitazi amawerenga usiku.

Njira imene ine ndimaikonda ndi boyizikota. M'madera ngati Kalimbuka, Mulunguzi ndi Old Naisi muli nyumba zikuluzikulu, zina za nthawi imene Zomba inali likulu, zokhala ndi kanyumba kuseri. Mumapeza bata, mpanda, nthawi zambiri mlonda kapena agalu, mpopi pomwepo. Munthu amalemba bwino malo otere. Kovuta ndi kuipeza, chifukwa boyizikota yabwino siilengezedwa, imayenda pakamwa. Amene akutulukamo amauza mnzake, mayi wapanyumbapo amauza a kutchalitchi kapena kumzikiti kwawo, mlonda amauza mlonda mnzake. Fikani ku Zomba kusanatsegulidwe, lankhulani ndi a masitazi amene akumaliza, ogwira ntchito m'madipatimenti, ngakhale akabaza a pa siteji yapafupi. Iwowa amadziwa geti iliyonse.

Koma pa boyizikota funsani funso limodzi limene ambiri amachita nalo manyazi: kodi amene akukubwereketsaniyo ndi mwini nyumba? Nthawi zambiri nayenso ndi wa lendi, kapena akukhala m'nyumba ya kuntchito. Iye akasamutsidwa, inunso mwasamuka, ngakhale mutakhala kuti mayeso ndi mawa. Zinandichitikira ine. Bambo wapanyumbapo, munthu wabwino ndithu, anagogoda Loweruka m'mawa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndalandira kalata, pakutha pa mwezi tikupita." Ndalama ya mwezi umene ndinalipiriratu anandibwezera, koma milungu iwiri imene ndinathera kusaka pogona palibe anandibwezera. Komanso kumeneku kuli malamulo a pabanja la eni: geti imatsekedwa nthawi yakuti, alendo asamagone, hotipuleti ayi. Ndipo madera akumtundawa ali ndi chitunda. Kutsika m'mawa n'kokoma, kukwera madzulo ndi buku m'chikwama ndi thumba la ufa n'kwina, ndipo kabaza wa njinga yamoto usiku amatchula mtengo wake.

Ena amasonkhana atatu kapena anayi n'kutenga nyumba yathunthu ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi. Mukagawana lendi, aliyense amapeza chipinda chake pamtengo umene mwina ku Chikanda ukanamupatsa bedi lokha. Muli ndi khitchini, pabalaza, mita yanuyanu, bilu ya Southern Region Water Board imene mukuiona ndi maso. Mukaphikira limodzi, chakudya chimatsika mtengo kwambiri. Amene wabwera ndi banja, iyi ndiyo njira yokhayo yooneka, ndipo madera amenewa ali ndi misika ndi masukulu a ana pafupi.

Apa pali zinthu ziwiri zoti muwerengere ndi pensulo. Choyamba ndi ulendo. Tengani mtengo wa minibasi kapena kabaza kupita ndi kubwera, muchulukitse ndi masiku 22, muwonjezepo maulendo a usiku pochokera ku laibulale ndi a Loweruka pokakumana ndi gulu, kenaka muphatikize pa lendi. Nthawi zambiri nyumba yotchipa ya kutali imadzafanana ndi yodula ya pafupi, ndipo mafuta akasowa kapena akakwera, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, woyamba kukweza ndi wakabaza. Njinga yakapalasa yanuyanu imathetsa zambiri ngati njira yanu ilibe chitunda chachikulu. Chachiwiri ndi anzanuwo. Nyumba yathunthu alandilodi ambiri amafuna miyezi itatu pakamodzi, ndipo pamgwirizano pamalembedwa dzina la munthu mmodzi. Maphunziro a m'kalasi akatha, mmodzi akuti ndikubwerera kuntchito, wina akuti ndikupita ku fildi, mwatsala nokha ndi nyumba ya zipinda zitatu ndi dzina lanu papepala. Gwirizanani pa tsiku loyamba, molemba, kuti wotuluka anene mwezi umodzi kapena iwiri isanakwane ndipo apeze wolowa m'malo mwake. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana, koma ubwenzi wambiri wathera pa bilu ya madzi.

Pa za maejenti, pang'ono chabe. Alipo oona, alipo akuba. Musatumize ndalama pa foni chifukwa cha zithunzi za pa WhatsApp kapena pa Facebook. Onani nyumba, lowani mkati, kumanani ndi mwini wake, funsani oyandikana nawo ngati munthuyo ndiyedi mwini, ndipo polipira mutenge lisiti kapena musainirane m'kope. Funsaninso ngati wotulukayo wasiya ngongole ya madzi, chifukwa akadzabwera kudzadula safunsa kuti anagwiritsa ntchito ndani.

Nanga kwa achibale? Aliyense ali ndi azakhali ku Ndola ya ku Zomba konkuno kapena amalume ku Cobbe Barracks, ndipo akamva kuti mukubwera adzati, "Ulipirenji lendi ife tilipo?" Kwa milungu iwiri yoyamba, pamene mukusaka, palibe chabwino kuposa ichi. Kwa chaka chathunthu, ganizani kawiri. Lendi simulipira, koma simungadye osagula ndiwo, magetsi akatha maso onse ali pa inu poti ndinu wapantchito, ana a m'nyumbamo akufuna muwathandize homuweki, ndipo maliro akagwa m'mudzi simunganene kuti ndili ndi asainimenti. Mlendo ndi mame. Ngati mwasankha kukhala, tchulani nokha ndalama imene muzipereka mwezi uliwonse, isakhale ya "tiona", ndipo nenani poyera maola amene mukhale mukutseka chitseko. Ndikudziwa anthu amene zinawayendera bwino chonchi, makamaka amayi okhala ndi khanda amene anapeza owagwirira mwana. Kwa iwo, phindu limenelo linaposa zonse.

Pali gulu lina limene silifunika n'komwe nyumba ku Zomba. Mapulogalamu ambiri a masitazi amaphunzitsidwa m'mabuloko, sabata imodzi kapena ziwiri kenaka n'kubwerera, kapena kumapeto kwa sabata. Ngati ndi wanu wotero, lendi ya mwezi ndi mwezi ndi kutaya. Wokhala ku Blantyre kapena ku Limbe ali pamtunda wosapitirira makilomita 70 pa msewu wa M3, ndipo kwa kalasi ya Loweruka lokha atha kupita n'kubwerera. Kwa buloko yathunthu kuyenda tsiku lililonse kumatopetsa: mumafika mochedwa, mumathawa zokambirana za madzulo kuopa kusowa galimoto, usiku simuwerenga. Bola resitihausi kapena loji yotchipa, koma musalipire mtengo wa usiku umodzi umodzi. Kambiranani mtengo wa sabata, muwauze kuti muzibwera buloko iliyonse, mutengane awiri. Ena amasunga kachipinda kamodzi anthu angapo a mapulogalamu osiyana n'kumasinthana malinga ndi kalendala. Zimatheka ngati nonse muli aukhondo.

Mukandifunsa ine, ndinganene chonchi. Wolowa m'kalasi tsiku ndi tsiku amene ali yekha ayambe wasaka boyizikota yoyendeka wapansi, ikakanika atenge chipinda cha yekha ku Chikanda. Wa banja apite ku Matawale kapena ku Chinamwali. Wa buloko asachite lendi. Ndipo aliyense mwa awa agwirizane ndi landilodi za chaka cha m'kalasi chokha, zinazo adzaona kafukufuku akayandikira.

Tsopano ndalama. Wa digiri yoyamba amayang'ana ku Loans Board, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, koma wa masitazi nthawi zambiri amadzilipirira yekha, kapena kuntchito amupatsa tchuthi cha malipiro, kapena ali pa pulojekiti imene imamupatsa kangachepe. Amene ali pa sikolashipu kapena pa pulojekiti adziwe kuti ndalama zotere zimachedwa, nthawi zina mwezi wathunthu, pamene landilodi sachedwa. Ikangolowa, lipirani lendi ya miyezi ingapo pomwepo musanagule china chilichonse. Ichi chimakutetezaninso ku kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anayamba masitazi ndi bajeti yolemba bwino nthawi imeneyo anapeza kuti pofika chaka chachiwiri pepala lija linali nthano. Ndiye bajeti yanu muziibwereza semesita iliyonse, ndipo chimene mungathe kugula lero chosaonongeka, guliranitu.

Ine lamulo langa linali lakuti lendi, magetsi, madzi ndi ulendo wopita ku sukulu zikaphatikizidwa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yolowa pamwezi. Si lamulo la m'buku, koma zikadutsa apo, chimene chimavutika ndi m'mimba. Pa chakudya Zomba ndi yokoma mtima kwa wophika yekha. Mpunga wa ku chigwa cha Chilwa, matemba, masamba, mbatata ya kachewere yochokera kumtunda, zonse zimapezeka pa msika waukulu ndi ku Mpondabwino, ndipo amene angathe kufika ku Songani kapena ku Thondwe tsiku la msika amabwerako ndi zambiri. Bwerani ndi thumba la chimanga ndi nyemba kuchokera kumudzi nthawi yokolola, muzikagayitsa pang'onopang'ono. Kugula ufa wa walkman tsiku ndi tsiku ndiye kudula kwenikweni, makamaka Januwale ndi Febuluwale chimanga chikakwera. Chipisi cha pa chiwaya ndi nsima ya m'lesitilanti zimaoneka zotchipa pa tsiku limodzi. Lembani m'kope kwa mwezi umodzi zonse zimene mwadya kunja, mudzaona nokha.

Pophikira pamafunika njira ziwiri. Hotipuleti imadya mayunitsi ndipo magetsi akazima yagona, monga tinaonera miyezi ija malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka ndi Cyclone Ana mu Januwale 2022. Mbaula ndi makala ndi zimene ambiri amadalira, ngakhale tonse tikuona mmene mapiri akuyerera. Kasilinda ka gasi kamafuna ndalama yambiri poyamba, koma kwa munthu mmodzi kamakhalitsa ndipo sikadetsa chipinda chimene mukugonamo ndi mabuku. Mu Juni ndi Julayi Zomba imazizira, koma mbaula ya moto musagone nayo m'chipinda chotseka. Utsi wake wosaoneka uja umapha.

Bandulo ya intaneti iikeni pamzere wakewake, chifukwa wa masitazi amakhalira kutsitsa mapepala. Zolemera tsitsirani ku sukulu, bandulo ya mwezi ikhale ya kunyumba, ndipo musanalipire chipinda imani mkatimo muone ngati netiweki ikugwira. Pali zipinda zina kuseri kwa zitunda zimene foni imagwira pakhomo pokha.

Mzere umene umagwetsa anthu ambiri sumaoneka chaka choyamba. Kafukufuku amadya ndalama: kulipira komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, kusindikiza mafunso, ulendo wa ku fildi, malo ogona kumeneko, kangachepe ka okuthandizani kufunsa ndi omasulira, kenaka kusindikiza ndi kumanga mabuku. Amene mutu wake ukukhudza mbiri kapena ziwerengero ali ndi mwayi, poti National Archives ndi National Statistical Office zili mu Zomba momwemo, ndipo wa zomera ali ndi National Herbarium. Kusankha dera la kafukufuku loyandikira, kapena la kwanu kumene mukagona kwa amayi, si ulesi. Yambani kupatula kandalama ka ntchito imeneyi mwezi woyamba womwe, kukhale kosiyana ndi ka ndiwo, kaya mu akaunti ina kaya mu chipereganyo cha anzanu a m'kalasi chimene mwapempha kuti inu mudzalandire nthawi ya fildi.

Kumudzi nako sikudziwa kuti mwabwerera ku sukulu. Amangodziwa kuti muli pantchito. Fizi ya mlongo wanu, feteleza wa amayi, chopepesa pamaliro, zonsezi zizibwerabe. Kuli bwino kuwauziratu kuti kwa zaka ziwirizi muzitumiza mwakuti basi, n'kuilemba ndalamayo mu bajeti ngati lendi, kusiyana ndi kumakana lero, kuvomera mawa, n'kuthera kwa akatapila. Katapila ya mwezi umodzi imadya malipiro a miyezi itatu, ndipo ndaonapo laputopu ya munthu, thesisi, pepala lake la kafukufuku, ili momwemo, itagwidwa chikole. Zikafika pothina, SACCO ya kuntchito kapena banki m'khonde ya akunyumba n'zopepukirapo.

Masitazi yolembedwa kuti ndi ya zaka ziwiri kawirikawiri imadutsa. Supavaiza atanganidwa, woyesa wochokera kunja kwa sukuluyi achedwa kubweza, zokonza zichuluka. Mukamachoka ku Zomba kupita ku fildi, bwezani chipindacho, katundu musungitse kwa mnzanu wodalirika, koma siyani pambali ndalama yokwana lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri. Mudzaifuna pamene akuitanani kudzateteza pepala lanu n'kukupatsani milungu yochepa yoti mukonze, ndipo nthawi imeneyo mnzanu wa ku boyizikota uja mwina adzakhala atasamuka kale.